Lachitatu, tsiku loyesa misewu

Nthawi ili pafupi 11 koloko usiku, ndipo ndikulemba mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Ana agona. Bambo awo agwira foni ngati akuwerenga, koma maso anatseka kalekale.

Kwa inu amene mwangotipeza kumene: tikusamuka mwezi wamawa chifukwa bambo a kunyumba awasinthira ntchito ku mzinda wina. Tili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 7 yemwe ali ndi autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Mawu amene mnyamatayu amatchula ndi owerengeka, zambiri amatiuza ndi timakhadi ta zithunzi timene amayenda nato m'kabuku. Tinafika kuno Lolemba kudzafuna nyumba, ndipo pa madera asanu amene tinayamba nawo tatsala ndi awiri. Mtsikana wathu anawapatsa maina ake: lina Kumitengo, lina Kunjanji. Maina enieni tinasiya kuwatchula.

Kumitengo ndi kumene aliyense angasankhe atangoona zithunzi. Kuli zii, misewu yake yotakasuka, nyumba ya zipinda zinayi ndi bwalo loti mwana n'kuthamanga mpaka kutopa. Kunjanji nyumba ndi zothithikana, yathuyo ndi yaing'ono, penti inayamba kusupuka, ndipo kuseri kwa mzere wachiwiri wa nyumba kumadutsa sitima.

Tinadzuka 5 koloko. Ejenti wotipezera nyumba anatiuza dzulo kuti kuchokera Kumitengo kufika kumene kuli chipatala ndi akatswiri othandiza ana kulankhula ndi mphindi 20 basi. Ine ndinaphunzira kalekale kuti mphindi za ejenti zimayezedwa Lamulungu masana, misewu ili mbee. Ndiye tinakaimika galimoto pageti pa nyumba ya Kumitengo, 6:45 itakwana n'kunyamuka monga mmene tizidzachitira tsiku la sukulu, mwana ali pampando wake kumbuyo. Tinatenga mphindi 55. Mphindi 25 zoyamba anali bwinobwino, akuyang'ana mapolo a magetsi. Kenaka tinaima pamzere wa magalimoto wosasuntha, iye n'kuyamba kung'ung'udza kwake kuja, kenaka kudziluma padzanja. Pofika anali atavula nsapato zonse ndi malaya omwe, nkhope ili psuu. Ndinayang'ana bambo ake, iwo anangoyang'ana kutsogolo. Mwana wofika m'chipinda cha katswiri ali chonchi saphunzira kanthu. Ola lonse limathera pomutonthoza, ndipo ola limenelo timaliyembekezera mlungu wathunthu.

Tinapuma kaye pansi pa mtengo mpaka mtima wake unatsika, n'kubwerera kukaona sukulu ya Kumitengo.

Sukuluyo ndi yokongola, zimenezo sindingakane. Pakhoma la ofesi analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti amalandira mwana aliyense. Mawu amenewa ndimawadziwa kumene anachokera. Mu 1994 maboma 92 anakumana ku Salamanca, m'dziko la Spain, n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira m'sukulu zomwezo zimene anzawo amaphunzira. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 24 ya panganolo ikunena za maphunziro. Kholo la mwana ngati wanga limafika poloweza zinthu zimenezi ngati mavesi, osati chifukwa chokonda malamulo koma chifukwa cha maofesi amene lakhalamo. Kulemba pakhoma ndiye sukulu zambiri zinaphunzira. Ine ndimayang'ana china: maso a munthu amene ndikulankhula naye akupita kuti.

Aphunzitsi aakulu a pamenepo analankhula nafe mphindi 30, mwaulemu ndithu, koma mnyamata wanga sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Iye anali pansi akusanja timiyala tomwe anatola panja. Nditafunsa kuti m'kalasi mumakhala ana angati, anati zimasinthasintha. Nditafunsa kuti akafuna kuchimbudzi amuperekeza ndani, anati tidzaona. Kenaka anati mwina poyamba azibwera mpaka 10 koloko, ndipo zingathandize titapeza munthu wathu woti azikhala naye m'kalasi. "Tidzaona" ameneyu ndinakumana nayeko kale. Amatanthauza kuti pakatha milungu itatu foni yanga izilira 9 koloko iliyonse kuti mayi bwerani mudzamutenge.

Tisanachoke kuderalo tinadutsanso panyumba paja kuti ndiyese mpanda, poti Lolemba ndinangotengeka ndi khitchini. Apa ndi pamene ndinaona chimene pazithunzi panalibe. Kuseri kwa mpanda, kutsetsereka pang'ono, kuli dziwe. Si lalikulu, ndipo anthu a kumeneko amalinyadira. Mwana analiona ine ndisanalione. Anandikoka dzanja mwamphamvu moti ndinatsala pang'ono kugwa, maso ali pamadzi, osamva dzina lake. Mpandawo ndi wa mitengo yamaluwa, wofika m'chiuno mwanga, ndipo pakona pali mpata woti galu n'kudutsa. Pamene galu wadutsa, wanga adutsa.

Amene alibe mwana wotere amaona ngati timakokomeza. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2012 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism anayesapo kuthawa pamalo otetezeka atapitirira zaka zinayi, msinkhu umene ana ena amakhala atasiya zimenezo. Ndipo mwa ana amene amamwalira atasowa motere, ambiri amapezeka m'madzi. Wathu anatithawapo ali ndi zaka zisanu. Ndinangotembenuka kuyanika chovala chimodzi. Mphindi 12 zimene tinamufunafuna tsiku limenelo sindifuna kuzilemba pano. Ndinaima pampata paja lero miyendo ili zii, mawu a agogo anga akundibwerera, akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Masana tinapita Kunjanji, ine mtima uli kale m'malere chifukwa cha phokoso.

Sukulu ya kumeneko ndi yakale, mabenchi ake anaona zambiri. Koma ili ndi chipinda cha ana ofunika thandizo lapadera, ndipo mphunzitsi wa chipindacho, mayi wachikulire wa mawu otsika, anachita chinthu chimene chinandisungunula. Sanamukakamize mwana kupereka moni. Anangokhala pansi chapatali pang'ono, n'kutola kamwala kamodzi, n'kukaika kumapeto kwa mzere wake. Mwana anakachotsa. Iwo anaseka, amvekere, "Pepani bwana, ndalakwitsa malo." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa mafunso amene sukulu ina ija inayenera kufunsa: asanakwiye amayamba wachita chiyani? Chimamukhazika mtima pansi n'chiyani? Akamva kuwawa amasonyeza bwanji? Ataona kabuku ka makhadi anakatchula dzina lake, PECS, n'kupempha kuti tidzawapatse makhadi ofanana ndi a kunyumba kuti mwana asasokonezeke. Anandionetsa geti, loko wake, ndi amene amasunga kiyi. Anandiuzanso zoipa zake osabisa: ana ndi ambiri, wothandizira ndi mmodzi, ndipo iwowo atsala zaka zochepa kuti apume pantchito. Chomalizachi chandikhala pamtima. Tikhoza kusamukira dera lonse chifukwa cha munthu mmodzi, iye n'kuchoka. Komabe munthu wokuuza yekha pamene denga lake likudontha ndimamukhulupirira.

Kuchokera pasukulupo kufika kunyumba ya Kunjanji tinayenda wapansi, mphindi 9, kuwoloka msewu kamodzi kokha. Kuchipatala ndi mphindi 15 pa basi imodzi, osasintha.

Tsono sitima. Ndinaika m'foni pulogalamu yoyeza phokoso, ndipo ndakhala ndikuyenda nayo m'nyumba za eni ngati sing'anga wofufuza nyanga. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati m'chipinda chogona phokoso lisamapitirire ma decibel 30 usiku, ndipo muyeso umenewu ndi wonyenga: mukawonjezera 10 okha, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Tili m'chipinda chimene chingakhale chake, mawindo anayamba kunjenjemera. Nambala pafoni inakwera, ine n'kugwada msanga kuti ndimugwire asanadzigwetse. Anatseka makutu ndi manja, inde. Koma anathamangira pawindo, n'kuima chonyanyamphira, akuseka mpaka malovu, ndipo sitima itapita anayamba kukupiza manja monga amachitira akasangalala kwambiri.

Ndinadziseka ndekha. Zaka zonsezi ndikudziwa kuti chimene chimamuzunza si kukula kwa phokoso koma kudzidzimutsa kwake: galu wouwa mosayembekezereka, makina oumitsira manja m'zimbudzi, mwana wakhanda akalira. Sitima imayamba kumveka ili kutali, imakula pang'onopang'ono, n'kuzimirira. Imachenjeza. Foni ija imayeza phokoso, siyeza mwana wanga. Kumitengo, kumene nambala inali yotsika bwino, ndinawerenga agalu anayi m'mipanda yoyandikana nafe.

Tikutuluka, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kutipatsa moni. Anamuyang'ana mwana akuzungulirazungulira pabwalo, n'kufunsa mosazungulira kuti, "Kodi akatuluka yekha, tizimuitana kuti ndani?" Ndinawauza kuti dzina sayankha, koma mukamuonetsa chikhatho n'kunena kuti "ima" amaima. Anayeserera pomwepo, chikhatho m'mwamba. Anatiuzanso nthawi zimene sitima imadutsa, ndi kuti ya usiku ndi ya katundu, yaitali. Kumitengo tapitako katatu ndipo sitinaonepo munthu ndi mmodzi yemwe panja, mageti okhaokha. Mwana wosalankhula akasowa, chimene chimamubweza ndi maso a anthu omudziwa.

M'galimoto pobwerera ndi mmene zinavutira. Bambo ake anati, "Mayi a ana, mukuopa dziwe, nanga njanji si yoopsa? Nanga msewu uja?" Akunena zoona, ndipo ndinawauza kuti akunena zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti mpanda wa Kunjanji ndi wa njerwa, wautali kuposa iwowo, geti ndi limodzi, ndipo eni nyumba avomera kuti tiike loko wina pamwamba pomwe mwana sangafike. Kumitengo tinafunsa zomanga mpanda weniweni, anati malamulo a deralo salola. Anakhala chete, kenaka anati kuntchito kwawo n'kufupi ndi Kumitengo. Ndinati ndikudziwa. Tonse tikudziwa amene adzakhale akuthamangira kusukulu foni ikalira.

Ndiye mtsikana wathu, amene tsiku lonse anangokhala duu kumbuyo atanyamula chikwama cha mlongo wake, analankhula. "Amayi, Kumitengo ndikanakhala ndi chipinda changachanga chachikulu. Koma palibe kanthu. Nthawi zonse timasankha za iyeyu."

Sanalire, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Analankhula ngati munthu wamkulu amene anazolowera. Mwana wa zaka 11 amene amadziwa kutseka geti kawiri, amene anasiya kuitana anzake kunyumba, amene amatuluka m'phwando lisanathe chifukwa mlongo wake watopa. Tsiku lonse ndafunsa aphunzitsi mafunso oposa 20 okhudza mnyamata, ndipo za kalasi la mtsikana ndafunsa limodzi, mwinanso ndinafunsa ndili pakhomo potuluka. Ndinafuna kumuuza kuti si zoona, koma ndi zoona. Ndinangotambasula dzanja kumbuyo n'kumugwira bondo. Analisiya pomwepo, sanalichotse.

Madzulo ndinaimbira foni kumalo a akatswiri a zolankhula kuti mwana alowe pamndandanda wa odikira. Anati amalemba ana potengera dera limene akukhala, choncho popanda adiresi sangamulembe. Tsiku lililonse limene tikuzengereza, ana ena akulowa patsogolo pake.

Pali ntchito ina imene ikudikiranso adiresi yomweyo. Tikamasintha chilichonse chachikulu timamupangira kabuku ka zithunzi kofotokoza zimene zichitike, njira imene anayambitsa mphunzitsi wina wa ku America, Carol Gray. Iyi ndi nyumba yathu yatsopano. Ichi ndi chitseko. Apa ndi pogona ine. Timawerenga naye usiku uliwonse kwa milungu ingapo, kuti tsiku losamuka lisadzamugwere ngati chiphaliwali. Lero ndajambula nyumba zonse ziwiri, zitseko, mabafa, mageti. Kabuku kamafuna nyumba imodzi.

Tagwirizana ziwiri tisanasaine chilichonse. Mawa usiku bambo ake akaimika galimoto Kunjanji kuyambira 9 koloko mpaka sitima ya katundu idutse, amve okha mmene imamvekera anthu atagona, chifukwa kuseka sitima masana ndi kudzutsidwa nayo 2 koloko usiku ndi nkhani ziwiri. Ndipo mawa m'mawa ine ndi mtsikana tipita awiriwiri, popanda mlongo wake, kukaona kalasi lake ndi kachipinda kakang'ono ka kumapeto kaja. Kali ndi windo loyang'ana kum'mawa. Ndamuuza kuti penti asankha yekha, ngakhale utakhala mtundu woti ine sindingaupirire. Wati aganiza kaye.

Mnyamata asanagone anabwera ndi kabuku kake, n'kumata khadi la "ndikufuna" pambali pa khadi la sitima. Khadi limenelo tinamupangira chaka chatha chifukwa cha kasitima kake koseweretsa, ndiye ndinapita kukamutengera m'chikwama. Anakakankhira kumbali, n'kundigwira dzanja, kundikokera kuchitseko. Wachita zimenezi kasanu ndi kamodzi.

Madzi m'beseni azizira. Alamu ndatchera 5:30.