Ekala imodzi imamwa migolo ingati?

Kuno ku Salima madzi amodzimodziwo amawerengedwa mosiyanasiyana, kutengera amene ukulankhula naye. Alangizi amakamba za mamilimita. Ogulitsa mapampu ku Kamuzu Road amakamba za makiyubiki mita pa ola. Pa thanki yapulasitiki amalembapo malita. Ife a m'madimba a m'mbali mwa Linthipe timadziwa ndowa, makheni ndi migolo basi. Palibe amene akunama, koma ukawakhazika pamodzi samvana, ndipo ndalama za alimi zimatayikira pa kusamvanako.

Ine ndine mlembi wa kalabu yathu ya ulimi wamthirira, ndiye masamu onse amagwera pa ine. Chimene ndimayambira nthawi zonse ndi ichi: madzi akuya milimita imodzi akadzaza malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ndiye kuti ndi lita imodzi ndendende. Chachiwiri, kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kutanthauza migolo 5 ya malita 200. Zina zonse zimachokera pa ziwirizi.

Tengani bedi la mpiru lotalika mamita 10, mulifupi mita imodzi. Mu Okutobala, mwera utaleka ndipo dzuwa likuswa mtengo, mbewu yokhwima itha kufuna mamilimita 6 patsiku. Pa bedi limenelo ndi malita 60, ndowa 3 za malita 20. Nditafotokoza izi pamsonkhano, mayi wina wachikulire adaseka: "Alembi, nanga si zimene timathira kale zimenezo? Mukutiphunzitsa kudya nsima?" Sadalakwitse. Pa bedi limodzi mkono wa mlimi umadziwa kale muyeso wake.

Vuto limabwera munda ukakula. Ekala ili ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, choncho milimita imodzi pa ekala ndi malita 4,047. Mamilimita 6 aja ndi malita opitirira pang'ono 24,000, kapena makiyubiki mita 24, kapena migolo 120. Imeneyo ndi ya tsiku limodzi lokha. Pa hekitala masamu ndi osavuta chifukwa ili ndi masikweya mita 10,000: milimita imodzi ndi makiyubiki mita 10, ndiye mamilimita 6 ndi makiyubiki mita 60.

Apa m'pamene tidasiyana maganizo ndi a tcheya athu. Iwo ankafuna tigule thanki ya malita 5,000, tiimike pamwamba, ekala yonse ya chimanga cha dowe izimwa kuchokera m'menemo. Ukaima pafupi ndi thanki yotere imaonekadi yaikulu, munthu wamtali amachita kukweza khosi. Koma gawani 5,000 ndi 4,047, mupeza milimita imodzi ndi kachidutswa. Kuti ekala ikhute pa tsiku lotentha, thankiyo iyenera kudzazidwa ndi kukhuthulidwa kasanu. Ndidati, "Bambo tcheya, thankiyi ndi yabwino ku nazale ndi ku mabedi a tomato, koma chimanga sichingaimve n'komwe." Adakhala chete kanthawi, kenaka adapempha kope langa kuti awerengenso okha. Ndimawalemekeza pa chimenecho, chifukwa ena akadangoti mwana uyu ndi wamwano.

Chimanga, kuyambira kudzala mpaka kukhwima, chimafuna mamilimita pakati pa 500 ndi 800, kutengera mtundu wake ndi kutentha kwa dera. Pa ekala ndi makiyubiki mita kuyambira 2,000 mpaka 3,200. M'malita ndi 2 miliyoni kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake pa minda ikuluikulu, monga ya mpunga ku Lifuwu kapena ya nzimbe ku Dwangwa, lita si muyeso wothandiza. Maziro angachuluke mpaka pepala kutha.

Tsopano za pampu. Yathu ndi ya petulo, ya mainchesi awiri, ndipo pambali pake adamatapo kapepala konena kuti imatulutsa makiyubiki mita 30 pa ola. Mukagawa, ndi malita 500 pa mphindi. Mukakhulupirira kapepalako, ekala imatha m'mphindi 48. Koma nambala imeneyo ndi ya pampu imene sikukweza madzi pamtunda ndipo ilibe paipi yaitali. Ifeyo timakoka kuchokera pansi pa gombe, paipi n'kudutsa m'bango mtunda ndithu, yomangamanga ndi mphira m'malo olumikiza. Ndiye tidagubuduza mgolo wopanda kanthu kukauika kumapeto kwa paipi, mnyamata wina atagwira foni kuwerenga nthawi. Madzi adasefukira pakamwa pa mgolo pa masekondi 40. Malita 200 kugawa ndi 40 ndi malita 5 pa sekondi. Lita imodzi pa sekondi ndi makiyubiki mita 3.6 pa ola, ndiye pampu yathu ikupereka 18, osati 30. Ekala ikufuna ola limodzi ndi mphindi 20.

Ndipo apo sitinawerengere ngalande. Dothi lathu ndi lamchenga, madzi ambiri amalowa pansi asanafike pa mzere womaliza. Ngati theka lokha ndilo likufika ku mizu, nthawi yopopa iwirikizeni kawiri, petulo nayenso chimodzimodzi. Ogulitsa sakuuzani zimenezi, ndipo sindiwaimba mlandu kwenikweni, poti munda wanu sadaupondemo.

Chenjeraninso ndi magaloni. Mapampu ena, makamaka a sola amene achibale amatumiza kuchokera kunja, amalembedwa magaloni pa mphindi. Galoni ya ku America ndi malita 3.785, pomwe ya ku Britain ndi malita 4.546. Magaloni 100 akhoza kukhala malita 379 kapena 455, ndiye funsani kuti ndi galoni iti musanalipire. Pa intaneti mukumananso ndi acre-foot, muyeso wa alimi a ku America: madzi akuya phazi limodzi, pafupifupi mamilimita 305, pa ekala yonse. Ndi makiyubiki mita 1,233. Kuno ulibe ntchito, koma mukauona dziwani kuti chimanga cha ekala imodzi chimamwa pafupifupi awiri otere kuyambira kudzala mpaka kukhwima.

Thanki ija tidagulabe, koma ikuthirira nazale ndi mabedi a tomato okwana masikweya mita 400, amene pa mamilimita 6 amafuna malita 2,400 patsiku. Ikadzaza imatifikitsa masiku awiri. Chimanga tachisiyira pampu, ndipo tagwirizana kuti tiyale pulasitiki m'ngalande yaikulu tisanadzalenso. Chatsala ndi kuyeza kuti injiniyo imamwa petulo wochuluka bwanji pa ola, kuti aliyense azisonkha molingana ndi mizere yake. Msungichuma wanena kale kuti botolo loyezera abweretsa lake, la wina salikhulupirira.