Mmene ndinapatsira webusaiti iliyonse logo yake pa template imodzi

Mawebusaiti atatu amene ndimawayang'anira amagwiritsa ntchito template imodzi (mafayilo okonza maonekedwe a masamba) yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha PHP, ndipo ubwino wake ndi wakuti ndikakonza cholakwika pamalo amodzi, chimakonzeka konse. Vuto linatulukira tsiku limene webusaiti imodzi inafunika logo yatsopano. Ndinasintha fayilo ya logo.png, ndipo nditatsegula mawebusaiti awiri enawo ndinapeza kuti nawonso akuonetsa logo yosakhala yawo. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa dzina la chithunzicho ndinalilemba mwachindunji mu header.php, fayilo ya chigawo chapamwamba cha tsamba imene onse atatu amaiwerenga.

Ndinayamba ndi kupatsa webusaiti iliyonse foda yakeyake ya zithunzi pamodzi ndi fayilo ya config.php, momwe ndinalembamo kumene logo ili, mawu a alt (ofotokoza chithunzicho), ndi favicon (kachithunzi kooneka pa tabu ya browser). Mu header.php ndinachotsamo dzina lililonse la chithunzi, kuti template izingotenga zimene config yanena. Pofuna kudziwa webusaiti imene mlendo watsegula ndinagwiritsa ntchito $_SERVER['HTTP_HOST'], imene imapereka dzina la domeni (adiresi ya webusaiti) limene browser ya mlendo yapempha, koma popeza dzinali limachokera kwa mlendoyo ndipo munthu woipa mtima akhoza kulisintha, ndinalamula kuti liziyamba layerekezedwa ndi mndandanda wa madomeni anga atatu. Dzina losapezeka pamndandandawo limalandira logo wamba ya template.

Chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi njira zolozera ku zithunzi. Nditalemba images/logo.png, logo inaoneka bwinobwino patsamba loyamba, koma patsamba la /nkhani/zatsopano/ panangotsala kabokosi kopanda kanthu. Nditayang'ana mu Network, chida cha mu browser choonetsa mafayilo amene tsamba lapempha, ndinaona mzere wofiira wa 404, nambala yosonyeza kuti fayilo sinapezeke, chifukwa browser inkafuna chithunzicho ku /nkhani/zatsopano/images/logo.png, kumene kunalibe. Njira yopanda chizindikiro cha / kutsogolo imawerengedwa kuchokera pa tsamba limene munthu ali, pamene yoyamba ndi / imawerengedwa kuchokera patsinde pa domeni. Ndinaika chizindikirocho pa njira zonse za mu config, ndipo logo inabwerera pamasamba onse.

Zithunzi za kumbuyo kwa tsamba zinali ndi khalidwe lina. Njira zake zimalembedwa mu url() m'fayilo ya CSS, imene imalamula maonekedwe a tsamba, ndipo njira yotere imawerengedwa kuchokera kumene fayilo ya CSS ili, osati kumene tsamba lili, ndipo poti CSS inali ya mawebusaiti onse, zithunzizo zinkafunidwa mu foda ya template. Ndinasamutsa mzere umenewo kupita ku header.php kuti nawonso uzitenga njira yake mu config. Kwa amene ali pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, ntchitoyi ndi yopepukirapo, popeza kuyambira mu WordPress 4.5 ya 2016 theme (template ya pa WordPress) imatha kulola webusaiti iliyonse kusankha logo yake.

Nditakweza zonse pa seva, kompyuta imene imasunga mawebusaitiwo pa intaneti, logo ya webusaiti yachitatu inasowanso. Fayiloyo inali ndi dzina lakuti Logo.png pamene mu config munali logo.png, ndipo Windows ya pa kompyuta yanga sinkasiyanitsa L wamkulu ndi wamng'ono, koma seva ya Linux imasiyanitsa. Kuyambira pamenepo mayina onse ndimawalemba ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Alendo ena ankaonabe logo yakale imene browser yawo inasunga, choncho ndinawonjezera ?v=2 kumapeto kwa njira ya logo mu config, ndipo nambalayi ndimaikweza nthawi iliyonse imene chithunzi chasinthidwa.