Loweruka pa zilumba za Pargas

Lero ndinanyamuka ku Turku, mzinda wa ku Finland, m'mamawa ndi mnzanga wa kuntchito, kupita kukaona mayi ake pachilumba cha Nagu. Ola lisanathe, basi inali itatidutsitsa kale pamilatho n'kutifikitsa m'tauni ya Pargas, imene olankhula Chifinishi amaitcha Parainen. Ku Turku zikwangwani za mumsewu zimayamba ndi Chifinishi, koma kuno Chiswidishi ndicho chili pamwamba, chifukwa mwa anthu pafupifupi 15,000 a dera lino, oposa theka analeredwa m'Chiswidishi. Finland inali pansi pa Sweden mpaka 1809, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja muno sanasiye chilankhulo cha makolo awo, ngakhale kuti m'dziko lonse olankhula Chiswidishi ndi pafupifupi 5 okha pa 100 alionse.

Tinatsika kaye kuti ndione mgodi wa miyala ya laimu. Abale, dzenje lake! Lili chapafupi ndi pakati penipeni pa tauni, lakuya kupitirira mamita 100, ndipo magalimoto akuluakulu onyamula miyala amaoneka ting'onoting'ono pansipo, akukwera mozungulira pang'onopang'ono. Anthu akhala akukumba miyala pano kwa zaka mazanamazana. Lero ndi kampani ya Nordkalk, ndipo pambali pake pali fakitale ya simenti. Mabanja ambiri a tauni ino akhala akudalira dzenje limeneli.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi pantoni. Msewu umathera m'madzi pa Lillmälö, ndiye basi yathu inangokwera pantoni yachikasu limodzi ndi magalimoto ena, thirakitala ndi anthu a njinga. Ndinatulutsa kachikwama kuti ndilipire, mnzanga n'kundigwira dzanja. Palibe cholipira. Boma limaiona pantoniyo ngati chigawo cha msewu, ndipo munthu salipira msewu chifukwa choti anabadwira pachilumba. Ndinaima panja mphepo ikundiwomba, n'kumaganiza za abale athu a ku Likoma ndi Chizumulu amene amadikira Ilala ndi katundu pamchenga. Ndinalakalaka kuti nawonso tsiku lina adzaonedwe chomwechi.

Mayi a mnzanga anatilandira ndi khofi, nsomba yowamba ndi buledi wakuda wa kuzilumba kuno, wonunkhira chimera, wotsekemera pang'ono, wonyowa ndithu moti amamata ku mpeni. Ndi mwana wawo amalankhula Chiswidishi, kwa ine amatembenukira ku Chifinishi chapang'onopang'ono kuti ndimve. Anandiuza kuti kale Nagu inali ndi khonsolo yakeyake, koma mu 2009 anaiphatikiza ndi Pargas, Korpo, Houtskär ndi Iniö. Dzina loyamba la khonsolo yatsopanoyo linali Väståboland, ndipo mu 2012 anasintha n'kukhala Pargas. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nanga mukapita ku ofesi ya boma mumalankhula chiyani?" Anati Chiswidishi, chifukwa lamulo limawapatsa ufulu wothandizidwa m'chilankhulo chawo, ndipo ana amaphunzira m'sukulu za chilankhulo cha kwawo, kaya ndi ichi kapena icho. Mtima wanga unakondwa nazo. Munthu wokalamba akadwala safunika kuyamba kusaka mawu a chilankhulo china kuti afotokoze pamene pakupweteka.

Dandaulo lawo ndi lakuti achinyamata amathera ku Turku ndi ku Helsinki. M'chilimwe pagombe pamadzaza maboti ndi alendo oyenda msewu wozungulira zilumba, koma nyanja ikayamba kuundana pamatsala anthu owerengeka.

Madzulo tinayenda kugombe, iwo n'kundilozera kumpoto kumene kuli Själö, kapena kuti Seili. Mu 1619 mfumu ya Sweden, Gustav II Adolf, inalamula kuti pachilumbacho pamangidwe chipatala cha akhate. Amanena kuti wodwala ankabwera ndi matabwa a bokosi lake lomwe, chifukwa wopita kumeneko sankabwererako. Pambuyo pake panakhala chipatala cha odwala misala mpaka 1962, ndipo tsopano ndi malo a kafukufuku wa za m'nyanja a yunivesite ya Turku. Nkhani ya matabwayo yandisowetsa mtendere njira yonse yobwerera.

Ndafika kunyumba mochedwa, mapazi akuwawa. Mayi aja andiuza kuti ulendo wina ndidzapite ku Utö, chilumba chakumwera kwenikweni kumene anthu amakhalako chaka chonse, nachonso cha Pargas. Akuti ndi ulendo wa maola angapo pasitima, ndiye ndidzakonzekere zogona komweko.