Dayamondi ndi mlendo m'mwala wake

M'maphunziro athu a za miyala tafika pa kimberlite, mwala umene dayamondi amapezekamo, ndipo chomwe chandikhala m'mutu n'chakuti dayamondiyo sabadwira m'menemo. Amapangika pansi penipeni, makilomita 150 mpaka 200, pomwe kaboni amapanikizika ndi kutentha koopsa, ndipo ambiri ali ndi zaka zoposa biliyoni imodzi. Kimberlite ndi chiphalaphala chomwe chinakwera mwaliwiro n'kumutola panjira, ngati minibasi yotola munthu pasiteji. Ku Kimberley, ku South Africa, komwe anayamba kukumba mu 1871, mwalawo uli ndi zaka pafupifupi 90 miliyoni zokha. Chiphalaphalacho chikadakwera mozengereza, dayamondi akadasanduka graphite, yemwe uja timalembera m'pensulo.

N'chifukwa chake osonkhanitsa miyala amalimbirana kachidutswa komwe dayamondi akadali chikhalire m'malo mwake. Tizidutswa totere n'tosowa. Migodi monga Jwaneng ku Botswana ndi Mwadui ku Tanzania imaphwanya mwala wonse pamakina, ndipo m'migodi yambiri tani yathunthu situlutsa ngakhale karati imodzi, yomwe ndi magalamu 0.2 basi.

Aphunzitsi anatibweretsera kimberlite wopanda dayamondi: wotuwa mobiriwira, wokhakhala, wokhala ndi timadontho tofiirira ta mwala wina wotchedwa garnet. Ofufuza amatsata timadontho timeneti mumchenga wa m'mitsinje kuti apeze pomwe pali kimberlite. Pazithunzi za zidutswa zenizeni, dayamondi sanyezimira n'komwe. Ali ndi mbali zisanu ndi zitatu, amaoneka wamafutamafuta, theka lake litabisika m'mwala.

Vuto ndi akathyali. Amaboola kadzenje mu kimberlite, n'kumatamo dayamondi wochokera kwina, n'kuwaza fumbi la mwala womwewo m'mbali. Uyenera kuyang'ana polumikizira ndi galasi lokulitsira zinthu. Guluu wina amawala ukamuunika ndi tochi ya UV, wina amafewa ndi mankhwala otchedwa acetone. Kwa ine mwala womatidwa ulibe phindu pa maphunziro, ngakhale dayamondiyo akhale weniweni.

Kwathu kuno timadziwika ndi ruby wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu ndi aquamarine wa ku Mzimba. Mgodi wa dayamondi tilibe. Komabe muno mu Lilongwe sasowa munthu wokunong'oneza kuti, "Achimwene, ndili ndi katundu," n'kukanda botolo ndi kamwala koyera kuti ukhulupirire. Quartz nayenso amakanda galasi bwinobwino: pa muyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs ali pa 7, dayamondi pa 10. Ofuna yankho lenileni apite nako kamwalako ku Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala, ku Zomba.