Mwezi wachinayi: triggerfish yanga tsopano ikukhala yokha

Lero yakwana miyezi inayi chibwerere triggerfish yanga, nsomba ya m'nyanja ya mchere, kunyumba kuno ku Durban. Ndi ija yobiriwira ya mizere yonga lalanje, dzina lake la sayansi Balistapus undulatus. Inabwera ili masentimita 7, pano yafika 10. Mtundu umenewu umakula mpaka masentimita 30, ndiye thanki ya malita 450 imeneyi ndi yake yokha basi.

Sabata yatha ndachotsamo ma damselfish (tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere) awiri omwe ankakhala nayo. Ndinaweta mbuna zaka zambiri, ndipo ndinkadziona ngati nkhanza za nsomba ndimazidziwa: ukaunjika miyala yambiri, iliyonse imapeza phanga lake, ndewu n'kuchepa. Apa zakanika. Mbuna imathamangitsa inzake kenako n'kubwerera pamwala pake, koma iyi imachita kudikirira pakhomo la phanga. Lachitatu m'mawa ndinapeza damselfish imodzi itadyedwa chipsepse chonse chakumchira, itadzipanikiza kuseri kwa pampu, ikupuma mwawefuwefu. Zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa wolakwa ndine. Onse awiri ali mu thanki ina yaing'ono, ndipo chipsepsecho chayamba kumera.

Koma kuikonda ndiye ndikuikonda. Ndikangolowa pabalaza imabwera pagalasi, diso limodzi lili pa ine, linalo likuyang'ana kwina, chifukwa maso ake amayenda lililonse palokha. Mano ake sasiya kukula, choncho ndimaipatsa za chigoba: nkhanu zing'onozing'ono, shrimp zosasenda ndi ma mussel (nkhono za m'nyanja za zigoba ziwiri). Ikamaphwanya chigoba umamva gwa! gwa! uli pampando. Ikatha imaweramira pansi n'kumapemerera madzi pamchenga, mchenga fwaa, kufunafuna zotsalira. Chala changa inachiluma kamodzi mpaka magazi, pano ndimadyetsera chopanira chachitali. Hita yotenthetsera madzi nayo ndaisamutsira ku sump, kathanki kapadera kosefera madzi, nditaona zipsera za mano pachingwe chake.

Usiku imalowa mumng'alu wa mwala, n'kudzutsa munga woyamba wapamsana. Munga wachiwiri, waung'onowo, ndi umene umakhoma woyambawo kuti usagwe, ndipo pokhapokha wachiwiriwo utatsika m'pamene woyamba umagona. Dzina loti trigger, kutanthauza kachitsulo kamene umakoka powombera mfuti, linachokera pamenepo. Ikadzikhoma choncho, ngakhale chilombo chikoke bwanji siituluka. Tsiku loyamba nditaiona itagona chammbali mumng'alumo ndinayesa yafa, tulo sindinatione.

Madzi: muyeso wa mchere (kulemera kwa madziwa poyerekeza ndi madzi wamba) 1.025, kutentha madigiri 25. Nitrate, yomwe imachokera ku ndowe ndi zotsalira za chakudya, inakwera kufika 40 chifukwa cha kadyedwe kake komwazamwaza, ndiye Loweruka lililonse ndikusintha malita 50 ndi kutsuka kapu ya skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi) kawiri pasabata. Dzulo nitrate inali pa 20.

Ntchito yotsala ndi miyala. Nsombayi yakumba mchenga pansi pa mwala waukulu wakumanzere mpaka wayamba kupendekera kugalasi. Mawa ndiukhazika pansi penipeni pa thanki n'kuumata ndi guluu wolimba wa epoxy.