Boda itatsekedwa: ulendo wanga wa ku Mchinji mu Ogasiti 2020

Mnzanga wina kuntchito amakonda kunena kuti ife Amalawi tinapulumuka m'bindikiro. Pamapepala akunena zoona. Boma la a Peter Mutharika linalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo 2020 tonse tibindikire m'nyumba masiku 21, mavenda anakhamukira m'misewu ya Blantyre ndi Mzuzu akuti kuli bwino kufa ndi kolona kusiyana ndi kufa ndi njala, ndipo pa 17 Epulo bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe linapereka chiletso, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula kuti boma silinakonze choti amphawi azidya. M'bindikirowo unathera pomwepo. Ine chigamulocho ndinagwirizana nacho, mpaka lero. Koma mnzangayo akamalankhula choncho, mtima wanga umathamangira kwathu ku Mchinji, ku ulendo umene ndinayenda Loweruka pa 29 Ogasiti chaka chomwecho, ndipo ndimalephera kumuvomereza.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatha miyezi isanu ndi iwiri osaponda kumudzi. Ndinkagwira ntchito pamalo ena osindikizira ku Lilongwe, ndipo ndalama zathu zinkachokera ku makadi a ukwati, malisiti ndi mapepala a mayeso a sukulu zomwe si zaboma. Maukwati ataima, sukulu n'kutsekedwa pa 23 Malichi, makina anangoti zii, ifenso anatidula malipiro pakati. Ndiye azakhali anga, amene anandilera bambo atamwalira, anaimba foni Lachinayi usiku. Sananene zambiri. "Mwanawe, ubwere udzandione. Pali nkhani, si ya pafoni."

Kudepoti ya Lilongwe ndinafika kusanache bwinobwino. Pakhomo pa minibasi panali ndowa ya mpopi ndi kachidutswa ka sopo kotha ngati lilime la mphaka. Mwezi womwewo boma linali litalamula kuti wopezeka pagulu osavala masiki alipire K10,000, choncho aliyense anali ndi kake, ena kosoka ndi nsalu ya chitenje, ambiri atakatsitsira kukhosi kudikira kuona wapolisi. Lamulo linkati galimoto isadzaze, ndipo mipando yotsalayo tinkalipirira ndife okwera. Mtengo unali pafupifupi kawiri wa umene ndinkaudziwa. Mayi wina atadandaula, kondakitala anamuyankha mosakwiya: "Amayi, mafuta sadziwa kolona. Bwana madzulo akufuna ndalama yake yonse." Palibe anatsutsa.

Msewu wa M12 ndi wa makilomita pafupifupi 110, ndipo mu Ogasiti ulibe chobisa: minda yokololedwa, lupsa mbali zonse, akamvuluvulu akunyamula mapesi, anyamata atanyamula mpani wa mbewa m'mphepete mwa tala. Tinadutsa Chitedze ndi Msundwe ine ndikuwodzera. Pa Namitete kamtsikana kena kanabweretsa mazira owiritsa pazenera, katavala juzi ya yunifolomu yothothoka m'zigongono. Ndinakafunsa kalasi. Sitandade 8. Mayeso awo, amene zaka zonse ankalembedwa mu Meyi, anali asanalembedwe, ndipo iko kanati kamakhala pamsewupo tsiku lililonse kuyambira nthawi yokolola. Kanawerenga chenji mwachangu kuposa kondakitala wathu.

Paboma pa Mchinji anandichingamira msuweni wanga, mwana wachiwiri wa azakhali. Ndinkayang'ana njinga yamoto yofiira imene ndinamusiya nayo mu Januwale, koma iye anatulukira akukankha yakapalasa, yokhala ndi kakhushoni kumbuyo.

"Asuweni, ija ili kuti?"

"Inapita, asuweni. Kwerani, tikambirana m'njira."

Kuchokera paboma kukafika pa boda ndi makilomita ngati 12, ndipo nkhani yonse inakwana m'menemo, iye akupalasa, ine ndikumvera kumsana kwake. Njinga yamoto ija anaitenga pangongole, yobweza sabata ndi sabata. Makasitomala ake anali amayi a geni opita ku Chipata, ku Zambia, ndi obwerako, anthu a maboda pasi, ena ndi katundu woti amange kumbuyo mpaka tayala kuphwa. Kumayambiriro kwa Epulo mabasi odutsa malire ataimitsidwa, boda n'kutsalira magalimoto a katundu ndi nzika zobwerera kwawo, anthu aja anangoti balala. Anapirira miyezi iwiri akubweza ngongole ndi ndalama za soya, mwezi wachitatu mwini wake anadzatenga njinga. Zonse zimene anali atapereka kale zinapita ndi mphepo. Pokwera chitunda anaima, ine n'kutsika, tinayenda wapansi. Ndinaona kuti lamba wake anali ataboola bowo latsopano ndi msomali.

Ndinamupempha kuti tiyambe tafika pa boda penipeni tisanakhotere kumudzi. Amene anafikapo pa Mchinji ndi Mwami, mbali ya Zambia ya bodayi, masiku abwino akudziwa phokoso lake: osintha ndalama akukuthamangira ndi mipukutu ya makwacha a mbali zonse ziwiri, akabaza kulimbirana chikwama chako, utsi wa chiwaya, amayi atasenza mitolo ya zitenje. Tsiku limenelo mathiraki analipo ndithu, atandanda mzere, madalaivala akudikira kuyezedwa. Koma pansi pa mathirakiwo panalibe moyo. Osintha ndalama anayi anali pansi pa mtengo akusewera bawo. Mashopu angapo anali otseka ndi maloko ochita dzimbiri. M'kalesitilanti kamene ndinkakonda kudyamo nsima ya nkhuku ya lokolo ndinapeza mayi wake yekha, atatereka poto mmodzi wa nyemba. Atsikana atatu amene ankamuthandiza anawabweza kwawo. Anati sanawachotse ntchito, anangowauza kuti adzawaitana, ndipo mawu amenewo ankamuwawa chifukwa sankadziwa ngati ndi oona.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnzanga uja. Katundu wa makampani ankadutsa, wa mayi wosenza pamutu ndiye anaima. Ndipo K35,000 pamwezi imene boma linalonjeza kumapeto kwa Epulo inali ya mabanja a m'mizinda inayi, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wa pa boda ya Mchinji sanali m'kaundula ameneyo, chonsecho chitseko chimene chinatsekedwa chenicheni m'dziko muno chinali pakhomo pake.

Tsikulo linalinso ndi kulemera kwina. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi la Kulamba, pamene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Zaka zonse sabata imeneyo malole ndi mabasi amadutsa pa Mchinji usana ndi usiku, anthu akuimba, ng'oma zili m'manja, ndipo wa thobwa, wa mandasi, wa kabaza, aliyense amapezapo yake. Mu 2020 mwambowo unalephereka chifukwa cha mliriwo. Ndinaima pamenepo ndikumva mphepo yokha ikukupiza mapepala a shuga pa waya.

Azakhali ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Sitinagwirane chanza, tinangowomba m'manja chapatali, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira. Munthu amene anakusambitsa uli khanda, kumulonjera ngati mpongozi! Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ndawonda, kenako anatuma mdzukulu kuti akandipatse madzi osamba m'manja.

Geni ya azakhali inali ya zaka zoposa 20. Ankatenga mtedza ndi mpunga kupita nazo ku Chipata, makilomita ngati 30 kuchokera paboma, n'kubwerako ndi zitenje, sopo ndi zakumwa za m'mabotolo zodzagulitsa pamsika. Ndi geni imeneyo anandilipirira sukulu mpaka Folomu 4. Titadya nsima ya mgaiwa ndi mpiru wotendera, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lawo la ngongole, lakuda m'mphepete chifukwa cha kugwiragwira. Anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Masamba a Januwale ndi Febuluwale anali odzaza, dzina lililonse litakhwatchidwa kusonyeza kuti anabweza. Kuyambira Epulo mayina anali osakhwatcha. Mphunzitsi wa sukulu ina yomwe si yaboma, zitenje ziwiri: sanalandire malipiro chitsekereni sukulu, tsopano ankagulitsa tomato. Mkazi wa wosintha ndalama, sopo. Telala amene ankadalira mayunifolomu. Azakhali ankaloza dzina ndi chala n'kunena vuto la mwini wake, popanda ndi mmodzi yemwe amene anamunenera zoipa.

"Ndikawalonjerere chiyani? Ndikawalande mapoto?"

Mpamba anaudya pang'onopang'ono. Kubanki m'khonde kwawo anthu anasiya kuponya masheya, ndipo amene anakongola ankalephera kubweza, moti bokosi linali lopepuka ngati chikho. Amuna awo anali atatumiza mabelo anayi a fodya ku Kanengo, koma chaka chimenecho alimi sankaloledwa kulowa mu okushoni. Fodya amene anamusamalira kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa anagulitsidwa mwini wake ali kumudzi, mtengo n'kudzaumva pambuyo. Bamboyo sanalankhulepo zambiri, anangoti, "Mwana wako akamaweruzidwa umafuna ukhalepo."

Chimene chinawagwetsa misozi azakhali si ndalama. Mng'ono wawo, amene anakwatiwa ku Chipata kalekale, anamwalira mu Julaye ndi matenda a shuga. Kwathu kuno malire anadula pakati pa mabanja, mbali zonse ziwiri ndi Achewa ndi Angoni omwewo, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi. Alipo anthu amene ankadutsabe njira zachidule za m'minda, ndipo anyamata anadzipereka kuwaperekeza usiku. Koma miyendo ya azakhali ndi yotupa, komanso ankaopa kugwidwa kapena kutengera matenda kwa adzukulu awo. Sanapite. Sanagone m'siwa, sanaone nkhope, sanaponye dothi. Mwambo wonse anaumvera pafoni ya mwana wa malemuyo mpaka mayunitsi anatha nyimbo ili pakati. Anandiuza kuti usiku umenewo anayala mphasa panja n'kugona pansi okha, kuti mwina thupi lidziwe kuti kwagwa maliro.

Sindikunena kuti matendawa anali nthano ayi. Miyezi pafupifupi isanu pambuyo pake, pa 12 Januwale 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo ambiri a ife tinaika abale m'masabata amenewo. Kuopa kwa azakhali kunali koyenera. Chimene ndikukana ndi kunena kuti poti khothi linaletsa m'bindikiro ndiye kuti palibe amene anabindikira.

Nkhani imene anandiitanira inadza dzuwa litapendeka. Anatuma ana onse kudimba, n'kutsala ife awiri. Mdzukulu wawo wamkulu, mwana wa malemu mchemwali wa msuweni wanga, mtsikana wa zaka 17 amene anali Folomu 2, anali woyembekezera, miyezi inayi. Ndi yemwe uja anandithirira madzi m'manja atazyolika. Sukulu zitatsekedwa ankapita kumsika kukagulitsa zotsalira za agogo ake, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi mnyamata wina wothandiza pa thiraki, amene foni yake inali itasiya kale kupezeka.

"Ndinamutuma ndine kumsikako," anatero azakhali. "Akanakhala m'kalasi bwenzi zili chonchi?"

Ndinasowa chowayankha. Masiku awiri okha m'mbuyomo wailesi inali italengeza kuti sukulu ziyamba kutsegulidwa pa 7 Sepitembala, kuyambira ndi makalasi a mayeso, enawo mu Okutobala. M'chipinda chimene ndinagona, yunifolomu ya mtsikanayo inali pa msomali, yochapa, yosita, itakutidwa ndi pepala la pulasitiki kuti isagwire fumbi. Azakhali anati anaisita yekha mu Epulo, poganiza kuti tchuthicho ndi cha masabata ochepa.

Anthu ena a m'mudzi anali atayamba kale kunena zoti angomupezera banja. Azakhali anakana. Anali atamva kwa mphunzitsi uja wa tomato kuti malamulo a Unduna wa Zamaphunziro amalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo anafuna kumva kwa ine ngati zili zoona. Ndinati n'zoona. Anati mwanayo adzalera ndi iwo, monga analerera ine, koma fizi ndi makope sangathe, mpamba unatha. Ndinaganiza za theka la malipiro langa, za lendi ya ku Area 25 imene ndinali nditatsalira mwezi umodzi. Kenako ndinayang'ana manja awo, ali ndi makoko a mtedza m'zikhadabo.

"Azakhali, akadzabwerera kusukulu fizi ndi yanga."

Mmawa wa Lamulungu msuweni anabwera ndi njinga yake kudzanditenga. Mtsikana uja anandibweretsera kathumba ka mtedza wosenda, atagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzutsa maso. Ndinamufunsa phunziro limene amalikonda, anati Biology. Ndili pafupi kukwera, azakhali anati ndidikire kaye. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lija ndi cholembera. Anadumpha masamba onse a mayina osakhwatcha, n'kutsegula tsamba loyera. Pamwamba analemba dzina langa, pansi pake "fizi, Folomu 2 mpaka 4", ndipo anandipatsa cholembera kuti ndisaine.