Matayala tikuwotchawa ndi msewu

Ndangochoka kumene pa galaja ina ku Luwinga kuno ku Mzuzu, komwe ndimakonzetsa galimoto itamenya dzenje dzulo. Kuseri kwake anyamata akuwotcha matayala akutha kuti achotsemo mawaya okagulitsa, utsi wakuda bii ukulowa m'nyumba za anthu. Matayala ena angounjikana pambali pa magalimoto ophwasulidwa, adzaza madzi amvula, udzudzu ukuswana.

Mtima wandiwawa, abale. Matayala omwewa anzathu ku Joni amawagaya kukhala ngati mchenga, n'kuwasakaniza ndi phula lotentha. Njirayi inayambira ku Phoenix, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Zogayazo zimafufuma m'phulamo, ndiye msewu umatha kutamuka, sung'aluka msanga, madzi n'kusowa polowera. Mvula yathu ya kuno mukuidziwa, ikangopeza kamng'alu, pakutha sabata ndi chidzenje.

Phula timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zosowazi, pamene zolilimbitsira tikuziyatsa moto. Ine ndikanakonda tiyese pa kamsewu kamodzi kokha, ngakhale ka ku Chibavi, tidzakaone pakutha pa dzinja.